Kodi mvula yatha basi kuno ku Cape Town, kapena abwana akungondichotsa ntchito mwanzeru?

Gadeni_Watsopano
Moni nonse a pagulu. Ndine mlendo kuno, ndinafika mu Febuluwale chaka chomwe chino cha 2017, ndiye mundikhululukire ngati funso langa lili lachibwana. Ndimagwira m'gadeni masiku atatu pa sabata cha ku Constantia. Dzulo abwana anandiitana n'kundiuza kuti kuyambira mwezi wamawa ndizibwera tsiku limodzi lokha, chifukwa kapinga sathiriranso ndipo maluwa ambiri tiwazula. Ine ndinati apirire pang'ono, talowa kale mu Okutobala, mvula ili pakhomo. Anandiyang'ana kaye, kenako n'kuseka. Akuti mvula ndiye yangotha kumene. Zoona zimenezi? Mitengo yaphukira, mitambo ikumabwera masiku ena, kuphiri kuli biriwiri. Andiuzanso kuti ndisadze mitengo yonse yoyandikira nyumba chifukwa cha moto. Moto wanji tchire lili laliwisi chonchi? Ndiuzeni akuluakulu, ndisamangodziwerengera masiku olakwika.

Kabaza021
Achimwene, yambani kufunsa ganyu kwina. Bwana akayamba nkhani za nyengo ndiye kuti thumba lake lawomba.

Tchona_1998
Ayi, musawasokoneze anzathuwa. Mwana wanga, abwana akowo sananame. Ine chaka changa choyamba kuno ndinachita zomwezo, ndinafesa chimanga kuseri kwa chipinda mu Novembala n'kumadikira mvula ngati kwathu ku Ntcheu. Chinamera bwino, chinafika m'mawondo, kenako mphepo inachikwapula mpaka masamba kung'ambika ngati nsanza. Mvula sinabwere mpaka Epulo.

Kuno zinthu n'zotembenuka. Mvula yeniyeni imagwa nthawi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ina n'kumadontha mu Seputembala ndi Okutobala. Ikafika Novembala kumayamba kuuma, ndipo Disembala, Januwale ndi Febuluwale ndiye chilimwe chenicheni, dzuwa kulowa mochedwa, mphepo kuwomba usana ndi usiku. Kwathu tikaona mitengo ikuphukira timati chizimalupsa chili pafupi, tikonze makasu. Kuno chizimalupsa kulibe. Kubiriwira ukukuonaku ndi kotsiriza. Udzu womwewo ndi umene udzayake mu Januwale.

NaBanda_Capricorn
Ndipo chaka chino nthawi yozizirayo yadutsa osatipatsa kanthu. Madamu auma.

Kabaza021
Madamu ake ati achemwali? A kuntchito kwanu aja? Ajatu anauma kalekale, chiyambire sanakukwezereni malipiro.

NaBanda_Capricorn
Inu a Kabaza mudzafa ndi pakamwa. Ndikunena madamu a madzi.

Mphunzitsi_Wakale
Ndiyankhepo motalikirako chifukwa funsoli ndi labwino, ndipo ambiri a ife timachita manyazi kulifunsa.

Mvula ya kuno imabwera ndi mafunde a mphepo yozizira ochokera kunyanja ya Atlantic, kumadzulo chakummwera. Nthawi yozizira mafundewa amadutsa pafupi n'kugunda mapiri a kuno, ndiye mvula imagwa. Kukayamba kutentha, njira yawo imasunthira kummwera, amangodutsa panyanja osakhudza mtunda. M'malo mwake timalandira mphepo ya kummwera chakummawa ija anthu amaitcha south-easter kapena Cape Doctor, yomwe imayala mtambo pamwamba pa Table Mountain ngati nsalu ya patebulo. Mtambo umenewo usakunamizeni a Gadeni. Ndi wokongola koma kumunsi kuno subweretsa mvula.

Tsono vuto ndi lakuti 2015, 2016 ndi 2017, zaka zitatu zotsatizana, mvula ya nthawi yozizira yakhala yochepa. Mzindawu umamwa madzi a m'madamu akuluakulu asanu ndi limodzi: Theewaterskloof, Voëlvlei, Berg River, Wemmershoek ndi awiri a Steenbras. Lalikulu kwambiri ndi Theewaterskloof la ku Villiersdorp, lomwe palokha limasunga madzi opitirira theka la onsewo likadzaza. Panopa, nthawi yomwe madamuwa amayenera kukhala atakhuta, onse pamodzi sanafike ngakhale 40 peresenti. Ndipo 10 peresenti yapansi ndi yovuta kuipopa chifukwa cha matope. Madzi amenewo ndiwo tiyende nawo mpaka Meyi chaka chamawa.

Mvula ya mu Okutobala ikhoza kugwa ndithu, mwina kawiri katatu. Ithandiza kapinga wa abwana anuwo sabata imodzi. Damu siingadzaze.

Gadeni_Watsopano
Zikomo aphunzitsi. Koma ndinamva pa wailesi ina akunena za La Niña, akuti imabweretsa mvula yambiri. Imeneyo sitithandiza?

Mphunzitsi_Wakale
Munamva bwino. Akatswiri a zanyengo ayamba kuona zizindikiro zake kunyanja ya Pacific. Koma La Niña imakonda kuthandiza madera omwe mvula imagwa nthawi yotentha, monga Gauteng, Limpopo, Zimbabwe ndi chigawo chakummwera kwathu ku Malawi. Cape Town sayenderana nayo kwenikweni. N'chifukwa chake ngakhale a South African Weather Service akamatulutsa kalosera wa miyezi itatu, gawo la kuno ndi lomwe limakhala lovuta kulosera. Kalosera wa masiku atatu kapena asanu yekhayo ndiye mungamudalire pokonza ntchito yanu.

WakuMulanje
Ndiye kuti kumudzi titumize ya feteleza msanga eti? Chifukwa 2016 ija tinalira, chimanga chinapserera, mpaka boma kulengeza kuti dziko lili pa ngozi mu Epulo. Mayi anga anadya gaga chaka chimene chija.

Tchona_1998
Tumizani, koma musawalonjeze kuti aphunzitsi anena kuti mvula ikhala yabwino. Mudzawadanitsa ndi banja lonse.

Kabaza021
Ine ndinene zoona, nkhani ya madziyi ndikuiona ngati malonda. Taonani amene akulemera: ogulitsa mathanki, okumba zitsime, ogulitsa madzi a m'mabotolo. Mzinda wazunguliridwa ndi nyanja mbali ziwiri, ndiye azitiuza kuti madzi atha? Andale akungofuna kukweza mitengo.

Mfamu_Grabouw
A Kabaza, bwerani Loweruka ndikutengereni ku Theewaterskloof mukaone ndi maso anu. Ife timadutsa pamenepo pa lole. Pomwe panali madzi pano pali mchenga woyera, mphepo ikawomba fumbi limachita kutseka msewu. Zitsa za mitengo yomwe inamira kalekale pomanga damulo zatuluka, zaima mbuu ngati manda. Palibe wandale angajambule zimenezo. Kuno kumafamu a maapozi madzi othirira awachepetsa, ndipo eni ake ayamba kusankha minda yoti aipulumutse ndi yoti aisiye. Tonse tikudziwa tanthauzo lake: nthawi yothyola zipatso adzalemba anthu ochepa, ndipo oyamba kusiyidwa ndi ife obwera.

Mphunzitsi_Wakale
Za nyanjazo a Kabaza, madzi amchere kuti asanduke akumwa pamafunika makina odula ndi magetsi ambiri. Akukamba zomanga timakina tochepa m'mbali mwa nyanja komanso kukumba madzi a pansi pa nthaka ku Cape Flats, koma zonsezo n'zochepa poyerekeza ndi malita 500 miliyoni omwe akupempha kuti mzinda wonse usapitirire pa tsiku. Kuti ena akupezerapo phindu, zimenezo sindikutsutsani. Pamaliro pomwe ogulitsa mabokosi amadya.

NaBanda_Capricorn
Ine chomwe chimandiseketsa ndi malita 87 aja. Kuyambira pa 3 Seputembala akuti malamulo ochepetsa madzi afika pa Level 5, munthu mmodzi asapitirire malita 87 pa tsiku. Adona a kuntchito kwanga anandikhazika pansi ndi pepala n'kumandiphunzitsa kasungidwe ka madzi. Ine phee, kumangogwedeza mutu. Mumtima ndikuwerenga: malita 87 ndi ndowa zinayi ndi kachidebe pamwamba. Munthu mmodzi! Kwathu ku Kasungu ndowa zinayi ndinkatunga m'mawa kumjigo, n'kuphikira, kusambitsa ana atatu, kutsuka mbale, otsala kumwetsa nkhuku. Pano ndine amene ndikuwaonetsa kuti madzi otsukuluzira zovala amakolopera m'nyumba, akatha apo amapita kuchimbudzi. Aika beseni m'bafa, aliyense akamasamba aziponda m'menemo. Ana awo poyamba ankanyansidwa, pano akupikisana kuti wasamba mwachangu ndani.

Mai_a_Tadala
Zoona achemwali. Ndipo eni mzinda amanena okha kuti ife a m'zisakasa tonse pamodzi sitigwiritsa ngakhale 5 peresenti ya madzi a mzindawu. Mpopi umodzi mabanja ambirimbiri. Tichepetsenso pati?

Dj_Nsima
Funso lapambali. Nyengo imeneyi azungu amati spring, pa Chichewa timati chiyani? Mwana wanga anandifunsa homuweki ndinangoti kasupe.

WakuMulanje
Kasupe ndiye uja wa ku Newlands komwe anthu akufola ndi zigubu, akulu. Mwamulakwitsa mwana.

Tchona_1998
Kwathu nyengo timaziwerenga ndi ntchito ya kumunda: dzinja, masika, chisanu, chilimwe. Imeneyi ilibe malo chifukwa miyezi yomweyi kwathu ndi chilimwe, nthawi yososa ndi kugalauza. Muuzeni mwana alembe kuti nyengo ya mphukira, aphunzitsi ake sadziwa Chichewa, sakamutsutsa.

Gadeni_Watsopano
Tabwererani kwa ine pang'ono abale. Za mvula ndamva, mtima wagwa. Nanga za moto? Zoti ndisadze mitengo zija n'zenizeni?

Mai_a_Tadala
Achimwene, munafika mu Febuluwale, mwina za moto wa pa 11 Malichi munangomva. Ine ndinali momwemo ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay. Kunali kusanache, Loweruka. Chinandidzutsa si utsi, koma phokoso la malata akuthetheka ndi masilinda a gasi akuphulika kumtunda kwathu, phuu, kenako phuu wina. Nditatsegula chitseko mphepo inachilanda m'manja mwanga. Zomwe zinkagwa kumwamba si phulusa wamba, zinali zidutswa za mapulasitiki ndi makatoni zikuyaka, zikuuluka kudumpha nyumba zitatu zinayi n'kukayatsa kutsogolo. Ndiye munthu uthawire kuti, poti moto uli kumbuyo ndi kutsogolo komwe?

Ndinabereka Tadala, n'kutenga jumbo ya mapasipoti yomwe ndimaipachika pa msomali kuseri kwa chitseko. Bambo ake anafuna kutulutsa firiji, inakakamira pakanjira, anaisiya pomwepo ndipo inatsekera ena njira, mpaka lero amadandaula. Tinjira tathu n'toti anthu awiri sapatukirana, galimoto ya ozimitsa moto ikanalowa bwanji? Kutacha, malo onse anali malata opindika okhaokha. Nyumba zoposa 2,000 zinapsa, anthu pafupifupi 10,000 tinasowa pogona, ena anataya miyoyo. Tinakhala pabwalo la masewero nthawi yaitali, mvula ya nthawi yozizira n'kutipeza pomwepo.

Ndiye mukamafunsa kuti moto wanji, ine sindiyang'ana kuphiri. Ndimayang'ana mphepo. Ikangoyamba kuwomba madzulo, sindigona tulo tenitweni.

NaBanda_Capricorn
Pepani achemwali. Nthawi iliyonse mukafotokoza thupi limachita tsemwe.

Kabaza021
Apa ndilibe nthabwala. Msuweni wanga anataya makina ake osokera tsiku limenelo, anali atangomaliza kubweza ngongole yake.

Mlonda_Knysna
Ndiwonjezere za kuno kwathu ku Knysna, chifukwa a Gadeni akuganiza kuti tchire lobiriwira silipsa. Moto wathu unabuka pa 7 Juni, pakati pa nyengo yozizira, tsiku lomwelo lomwe inu ku Cape Town munali ndi namondwe uja anasasula madenga. Inu mvula, ife mphepo yotentha yochokera kumapiri, ija amati berg wind. Imatsika kuchokera kumtunda, ikamafika kunyanja imakhala youma ngati mpweya wa mu uvuni, milomo imachita kung'ambika. Chilala chinali chitaumitsa kale zinyalala za pansi pa mitengo. Pamwamba masamba obiriwira, pansi utuchi wokhawokha.

Ine ndimalondera nyumba ina pamtunda, yozunguliridwa ndi mitengo ya paini. Nyumbayo sinayambe kupsa ndi malawi ayi. Makala ouluka anagwera m'ngalande za padenga zomwe zinali zodzaza ndi masamba a paini ouma, denga n'kuyamba kufuka mkati. Ya pafupi nayo, yomwe mwini wake ankatinyansa ndi kusesetsa denga mwezi uliwonse, ilipo mpaka lero. Anthu asanu ndi awiri anafa ndi moto umenewo, nyumba mazanamazana zinapsa kuno ndi ku Plettenberg Bay. Amalawi ambiri kuno ntchito zinatha tsiku limodzi, chifukwa gadeni ya nyumba yopsa ndani angailipire?

Abwana anuwo akudziwa chomwe akunena. Ndipo Constantia ili m'munsi mwenimweni mwa phiri.

Tchona_1998
Eya, ndipo mu Malichi 2015 moto unayambira pamwamba pa Muizenberg unayenda masiku angapo kudutsa Silvermine mpaka Chapman's Peak ndi Tokai, dera lomwelo. Tinkaona mahelikopita akutunga madzi n'kumakathira kuphiri kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Januwale wapitayu kunali kwa a ku Somerset West. Chaka chilichonse kumakhala kwina.

Mbewa_Zatha
Koma amayatsa ndani? Kwathu timadziwa kuti ndi anyamata osaka mbewa. Kuno mbewa sadya.

Dj_Nsima
Dzina lanu lomwelo likukuperekani akulu. Apolisi akayamba kufufuza tidzawalozera kwa inu.

Mbewa_Zatha
Ine ndinasiya kalekale. Koma kunena zoona, kwathu ku Dedza Ogasiti akafika phiri lonse limayaka usiku ngati mkanda wofiira, ndipo palibe amathawa m'nyumba. Timangoti lupsa, mbuzi zidya msipu watsopano. Bwanji kuno moto womwewo umasanduka maliro?

Mphunzitsi_Wakale
Kwathu umapsa ndi udzu, moto wake umathamanga koma sukhalitsa, ndipo pakhomo timasesa mpaka dothi kuyera, ndiye ukafika pabwalo umafa wokha. Agogo athu ankalambula kuzungulira nkhokwe pa chifukwa chimenecho. Komanso musaiwale kuti ngakhale kwathu moto wawononga kwambiri ku Chikangawa, komwe kuli paini.

Kuno tchire la m'mapiri ndi fynbos, zitsamba za timasamba ting'onoting'ono, zambiri zili ndi mafuta. Chodabwitsa n'chakuti tchire limeneli limafuna moto kuti lipitirire. Mitundu ina ya protea imasunga njere m'zikho zake mpaka moto utadutsa, ndipo njere za zomera zina zimamera zikamva utsi. Likapsa kamodzi pa zaka khumi kapena kuposerapo, limabwerera bwino. Likamapsa pafupipafupi limatha chifukwa silinabereke. Chomwe chaonjeza ukali ndi mitengo yobwera, paini, bulugamu, hakea, Port Jackson ndi rooikrans. Imeneyi imakula mothithikana, imayaka motentha kwambiri kuposa fynbos, ndipo imamwa madzi omwe akanatsikira m'madamu. Ndiye chilala ndi moto zikudyera mbale imodzi.

Oyatsa nthawi zambiri ndi anthu: ndudu yotayidwa pawindo la galimoto, moto wowotchera nyama wosazimitsa bwino, ana, ena mwadala. Mphezi kuno si kawirikawiri.

Mlaliki_Dunoon
Abale, tisaiwale kupemphera. Eliya anapemphera mvula inagwa patatha zaka zitatu ndi theka. Lamlungu likubwerali tili ndi mapemphero a mvula.

Kabaza021
Abusa, mupemphe yodekha. Mu Juni munapempha mwamphamvu kwambiri, denga langa linakapezeka kwa aneba.

Mlaliki_Dunoon
Walira mvula walira matope, a Kabaza. Mubwere Lamlungu mudzapemphe nokha mulingo womwe mukufuna.

Mai_a_Tadala
Abusa, poti mwatchula mapemphero, ndipemphe chinthu mwaulemu. Magulu ena amakwera kuphiri kukapemphera usiku wonse n'kumayatsa moto woothera kapena makandulo. Miyezi ikubwerayi muwauze atenge matochi. Moto ukabuka pamenepo sadzati ndi mpingo wakuti, adzati ndi obwera, ndipo tonse tikudziwa zomwe zimatsatira mawu amenewo.

Mlaliki_Dunoon
Mwanena zoona mayi. Ndikalengeza.

Chikwanje_Tokai
A Gadeni, ine ndagwira m'magadeni a dera lanulo zaka zisanu ndi zinayi, ndiye ndikuuzeni monga mnzanu wa ntchito. Musakangane ndi abwana za mvula, mwaluza kale pamenepo. M'malo mwake muwaonetse kuti gadeni ya chilala ili ndi ntchito yambiri kuposa ya mvula. Kutchetcha kapinga ndi ntchito ya maola awiri. Izi ndikunenazi ndi za milungu.

Yambani padenga. Chotsani masamba onse m'ngalande, ndipo muzibwereza chifukwa south-easter ikayamba imadzazanso. Nthambi zonse zokhudza denga kapena zolendewera pamwamba pake zichoke. Mitengo ikuluikulu simukuyenera kuigwetsa, ingoisadzani m'munsi kuti moto wa pansi usapeze makwerero. Nkhuni za braai zomwe amakonda kuunjika pakhoma la nyumba zisamutseni. Kuseri kwa mpanda, ngati kuli Port Jackson, dulani pansi penipeni ndipo chitsa chipakidwe mankhwala, apo ayi chimaphukira kasanu. Zodulazo musaziunjike pakona n'kuziiwala, mwangomangira moto nkhokwe. Ndipo musayerekeze kuzitentha monga timachitira kwathu, kuno kutentha zinyalala popanda chilolezo ndi mlandu.

Kenako zomera. Pomwe mukuzula maluwa osamva ludzu aja, bzalani spekboom, aloe, ndi sour fig uja amayanga pansi wa masamba onenepa. Zimenezi zimasunga madzi m'masamba, sizigwira moto msanga, ndipo simugula n'komwe, mumangothyola kanthambi kwa aneba n'kuzika. Pansi pa mitengo ya zipatso yalani makungwa kapena manyowa kuti chinyezi chisathawe, koma pafupi ndi khoma la nyumba ikani miyala. Madzi a m'bafa ndi a makina ochapira ndi anu tsopano, muziwanyamula ndi ndowa m'mawa dzuwa lisanakwere, tsiku lomwelo, chifukwa akagona amanunkha. Musawathire pa ndiwo zamasamba zodya zosaphika.

Mulembe zonsezi papepala, muike masiku pambali pa ntchito iliyonse, mukawapatse. Azungu amakhulupirira pepala kuposa pakamwa.

Kabaza021
Akawapatsa pepalalo bwana akagwira yekha Loweruka ndi ana ake.

Chikwanje_Tokai
Akwere yekha padenga? Mlungu umodzi wokha adzawaimbira foni.

NaBanda_Capricorn
A Chikwanje mwathandiza nyumba za mabwana. Nanga zathuzi? Ife ngalande za padenga tilibe, mpata pakati pa ine ndi aneba ndi dzanja limodzi.

Mai_a_Tadala
Zomwe tikuchita ife chibwerereni: kandulo timaidula pakati n'kuiika m'botolo lagalasi lokhala ndi mchenga pansi, ikagwa imazima yokha. Sitovu ya palafini sikhalanso pampando kapena pa kreti, ili pansi, kutali ndi katani. Ndowa ya mchenga ili pakhomo, chifukwa moto wa palafini kapena wa mafuta ophikira ukauthira madzi umangobalalika, ndiponso madziwo ali kuti? Mapepala onse ofunika ali m'jumbo imodzi, ndipo ndinawajambula pafoni n'kutumiza kwa mchemwali wanga ku Lilongwe. Pamzere wathu ena ali ndi kachipangizo kabuluu ka Lumkani, kamalira kakamva kutentha kukukwera msanga, ndipo kamadzutsa tinzake ta m'nyumba zoyandikana. Utsi wophikira sikalira nawo. Nambala ya ozimitsa moto pafoni ya m'manja ndi 021 480 7700, isungeni lero, chifukwa tsiku lake manja amanjenjemera. Chomwe chatikanika ndi mawaya a magetsi olumikiza mwachisawawa aja, ndi abambo obwera usiku ataledzera n'kuyamba kukazinga mazira.

Dj_Nsima
Mazirawo mwandilasa mayi.

Tchona_1998
Muonjezere 5 Novembala. A Gadeni simunaione, kuno tsiku limenelo ana amaphulitsa makombola a Guy Fawkes usiku wonse, ndipo nthawi zambiri mphepo imakhala itayamba kale. Kenako Khirisimasi ndi Nyuwere. Masiku amenewo wina azitsala pakhomo.

WakuMulanje
Ndangolankhula ndi kumudzi, akuti magetsi akumazima tsiku lonse chifukwa madzi achepa mu Shire, makina a ku Nkula ndi Tedzani sakuzungulira mokwanira. Ndiye uku madzi, uko magetsi. Tithawire kuti?

Mbewa_Zatha
Kumudzi kuli bwino, mbaula siidikira Shire.

Kabaza021
A Mfamu, za Loweruka zija zilipobe? Ndikufuna ndikaone damulo, koma petulo tigawana.

Mfamu_Grabouw
Zilipo. Mubwere ndi chipewa chomanga pachibwano, ndipo musavale zoyera.

Gadeni_Watsopano
Ndabwerera abale. Pepala lija ndinalemba usiku, mnzanga wa chipinda anandithandiza Chingerezi. Abwana analiwerenga ataima, kenako anakhala pansi n'kuliwerenganso. Anafunsa kuti za ngalande za padenga wandiuza ndani, ndinati achimwene anga a ku Knysna. Agwirizana nazo masiku awiri pa sabata mpaka Disembala, lachitatu akuti tiona. Lero ndatsitsa matumba asanu ndi limodzi a masamba padenga, ena anali atasanduka dothi, mpaka kamtengo kamera momwemo. A Chikwanje, spekboom uja ndimuzike mozama bwanji, ndipo ndimuthirire tsiku lomwelo kapena ndidikire?

Chikwanje_Tokai
Musiyeni pamthunzi masiku awiri kuti pothyokapo paume, kenako zikani chala chimodzi. Madzi pang'ono pakatha sabata. Mukamuthirira kwambiri amaola.

Gadeni_Watsopano
Chabwino. Chimanga chomwe ndinabwera nacho kuchokera kumudzi ndiye ndingokazinga.

Tchona_1998
Kazinga mwana wanga, koma sitovu ikhale pansi.